Ndine wamtali mamita 1.96: nditalikitse ndodo zanga zonse za gofu ndi kuika zogwirira zonenepa?

Funso: Ndine bambo wamtali mamita 1.96 ndipo ndasewera gofu kwa zaka ziwiri. Ndodo zanga ndinagula kwa munthu amene anasiya kusewera, ndipo n'zautali wamba. Ndikamamaliza maenje 9 msana umakhala utayamba kuwawa, kawirikawiri mpira ndimaumenya pamwamba n'kumangokwawa pansi, ndipo ndikaumenya bwino ndi ma iron aafupi umathawira kumanja. Ndimasewera chakumanja, magolovesi ndimavala a XL. Mnzanga akuti ndiwonjezere mainchesi awiri pa ndodo zonse, driver yomwe, ndiikenso zogwirira zonenepa kwambiri za jumbo. Kodi akunena zoona?

Yankho: Zikomo bambo pofunsa. Mnzanuyo sakunama kuti ndodo zanu zikukufupikirani. Zinthu zitatu mwatchulazi, msana, kumenya mpira pamwamba, ndi kuthawira kumanja, ndimaziona zikubwera limodzi mwa anthu aatali amene akusewera ndi ndodo zopangira munthu wa msinkhu wapakati. Koma mukatsata malangizo akewo onse mmene alili, mutaya ndalama n'kubwerera pabwalo ndi ndodo zovuta kuposa zimene muli nazo lero. Mainchesi awiri pa ndodo iliyonse achuluka, driver, ndodo yaitali kwambiri yomenyera mpira patali, musaikhudze n'komwe, ndipo kunenepa kwa chogwirira amayeza ndi dzanja, osati msinkhu.

Ndodo mumaigwira ndi manja, choncho chimene tiyenera kudziwa choyamba ndi mtunda wochokera pa manja anu kufika pansi. Anthu aatali ambiri amakhalanso ndi mikono yaitali, ndipo mkono wautali umabweza gawo lalikulu la msinkhu umene miyendo yawonjezera. Ndinayezapo amuna awiri ofanana msinkhu ndendende, koma wina manja ake ankafika mmunsi ndi mainchesi atatu kuposa mnzake. Woyambayo anachoka ndi ndodo zongowonjezera theka la inchi, wachiwiriyo inchi ndi theka. Akanangoyang'ana pa tchati cha msinkhu, onse akanapatsidwa zofanana ndipo mmodzi akanalakwiridwa.

Kayezedwe kake n'kosavuta, koma musadziyeze nokha, chifukwa mukangowerama kuti muone tepi nambala yasintha kale. Valani nsapato zimene mumasewerera, imani pamalo olimba osalala, muwongoke njo, mapewa ali omasuka, mikono ikulendewera m'mbali. Wina ayeze kuchokera pa mzere wopindika umene uli polumikizira dzanja ndi mkono, pamene lamba wa wotchi amakhala, mpaka pansi. Ayeze manja onse awiri, popeza ambirife phewa limodzi limatsika pang'ono, kenako mutenge nambala yapakati. Ndodo zautali wamba zimamugwira bwino munthu amene muyeso wake uli cha pa mainchesi 34 kapena 35. Ine ndikaona 36 mpaka 37 ndimayambira pa kuwonjezera theka la inchi, ndikaona 38 mpaka 39 ndimayambira pa inchi imodzi, ndipo inchi ndi theka ndimaisungira amene afika pa 40 kapena kupitirira. Makampani opanga ndodo ali ndi matchati awo ndipo amasiyana pang'onopang'ono, choncho nambala izi muzitenge ngati poyambira chabe. Chigamulo chenicheni chimabwera mutamenya mipira. Kwa munthu wa mamita 1.96, ndingayembekezere kuti mupezeka cha pa 38 kapena 39. Ndiye kuti nkhani yanu ndi ya inchi imodzi kapena kuzungulira pamenepo, osati awiri.

Tsono taganizani kuti ndi ndodo ziti zimene zimakuwawitsani msana. Ndikukhulupirira kuti si driver. Driver ya m'sitolo masiku ano imakhala mainchesi 45 mpaka 45 ndi 3/4, pomwe ma iron, ndodo za mutu wachitsulo zodziwika ndi manambala, ndi aafupi: 7-iron ya shafiti (thunthu la ndodo) yachitsulo imakhala cha pa 37, 9-iron cha pa 36, ndipo ma wedge, omenyera mipira yapafupi, amatsika mpaka 35 ndi theka kapena 35. Pakati pa ndodo yaitali kwambiri ndi yaifupi kwambiri pali mainchesi khumi athunthu. Mukagwira driver mumaima bwinobwino ngati wina aliyense. Mukagwira sand wedge m'pamene mumapinda msana ngati mukufuna singano yogwa mu udzu, mawondo n'kupindikanso mopitirira. Thupi silikonda kukhala chonchi, ndiye ndodo ikamatsika limadziwongola lokha, mutu wa ndodo n'kukwera, mpira n'kuumenya pamwamba. Kumeneko ndi kumene kukuchokera mipira yanu yokwawa ija.

Pa driver, utali suyenderana ndi msinkhu. Brooke Henderson wa ku Canada, mayi wa mamita pafupifupi 1.63, anapambana mipikisano yambiri ndi driver ya mainchesi 48, akuigwirira mmunsi pang'ono. Pomwe amuna ambiri aatali a pa PGA Tour, mipikisano ya akatswiri ya ku America, amasewera ndi driver ya mainchesi 45 kapena yocheperapo, chifukwa chimene akufuna ndi kumenya mpira pakati penipeni pa nkhope ya ndodo nthawi ndi nthawi. Malamulo a gofu, amene amasungidwa ndi mabungwe a R&A ndi USGA, salola ndodo yoposa mainchesi 48 kupatula putter, ndodo yogubuduzira mpira m'dzenje, ndipo kuyambira pa 1 January 2022 okonza mipikisano ya akatswiri ali ndi mphamvu yotsitsa malirewo kufika pa 46. Ndiye ngakhale Christo Lamprecht wa ku South Africa, wamtali mamita 2.03, amene anapambana Amateur Championship mu 2023 n'kutsogola nawo tsiku loyamba la Open pa Royal Liverpool chaka chomwecho, sangapitirire 46 kumene lamuloli likugwira ntchito. Inu amakuposani ndi masentimita 7. Driver yanu ikakhala 47 ndi theka monga akufunira mnzanuyo, tsiku limodzi mudzaumenya mpira wautali woti n'kukambirana, koma masiku ena onse mudzakhala m'tchire kusaka mipira. Ma fairway wood ndi ma hybrid, ndodo zazitali zotsatira driver, nawonso ndimawasiya mmene alili, kapena kungowonjezera theka la inchi ngati munthuyo akudandaula nawo.

Pali njira imene ndimaikonda kwa anthu aatali, ndipo sitchulidwa kawirikawiri. Pa seti wamba, iron iliyonse imafupika ndi theka la inchi poyerekeza ndi inzake: 5-iron 38, 6-iron 37 ndi theka, 7-iron 37, kutsika choncho. Palibe lamulo lokakamiza theka limeneli. Mungathe kuuza wokonza ndodo kuti azitsika ndi 3/8 ya inchi. Tiyerekeze kuti 5-iron yanu mwaiika pa 38 ndi theka, kutanthauza kuti mwangowonjezera theka. Potsika ndi 3/8, 7-iron ikhala 37 ndi 3/4, ndipo 9-iron ikhala 37, imene ndi inchi yathunthu kuposa 9-iron wamba. Mwapeza utali pamene mukuufunitsitsa, pa ndodo zazifupi, popanda kusandutsa 5-iron kukhala mtengo wovuta kuuwongolera. Ma wedge mungathe kuwaika onse pa utali umodzi, wofanana ndi pitching wedge kapena kucheperako pang'ono. Maganizo amenewa ukawapititsa mpaka kumapeto umafika pa zimene amachita Bryson DeChambeau, amene ma iron ake onse ndi autali umodzi, mainchesi 37 ndi theka, ndipo anapambana nawo US Open mu 2020 ndi mu 2024. Sindikukuuzani kuti mupite mpaka kumeneko, chifukwa seti yotero imafuna mitu yolemera mofanana yopangidwira zimenezo. Ndangofuna muone kuti utali wa ndodo zazifupi ndi chinthu chimene mungasunthe pachokha.

Koma ndodo ukaitalikitsa, sizithera pomwepo. Zinthu zitatu zimasintha nthawi yomweyo, ufune usafune.

Choyamba ndi kulemera kumene umakumva kumutu kwa ndodo ukamaizunguza, chimene okonza ndodo amachitcha swingweight. Amachiyeza pa sikelo yapadera n'kuchilemba ndi chilembo ndi nambala: C9, D0, D1, mpaka D9, kenako E0. Ma iron ambiri a amuna amachoka kufakitale ali cha pa D0 mpaka D2. Theka lililonse la inchi limene mwawonjezera limakweza muyesowu ndi mapointi pafupifupi atatu. Inchi imodzi ndiye kuti D2 yasanduka D8, ndipo munthu wamphamvu wa thupi ngati lanu angaikwanitse, ena amaikonda kumene. Koma mainchesi awiri ndi mapointi 12, D2 n'kukafika ku E4. Imeneyo ndi nyundo. Mudzaimva pa dzenje la 14, manja atatopa, mutu wa ndodo ukutsalira mmbuyo. Makampani akamakupangirani seti yaitali kuyambira pachiyambi amatha kusankha mitu yopepukirapo, popeza magalamu awiri ochotsedwa kumutu amabweza pointi imodzi, kapena kuika shafiti yopepuka. Ndodo zakale zimene mukungowonjezera kumchira zilibe mwayi umenewu.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ndikuyamba kumene ntchitoyi, kunabwera mkulu wina wamtali ngati inuyo, ndipo ine mwa changu cha unyamata ndinawonjezera mainchesi awiri pa seti yake yonse popanda kuyeza kanthu kena. Anachoka akumwetulira chifukwa anali kuima mowongoka kwa nthawi yoyamba. Patatha mwezi anabwerera nkhope ili gwaa, akuti mipira yonse ikupita kumanzere, ndodo ikukumba dothi mpira usanafikidwe, ndipo chigongono chayamba kupweteka. Ndinadula inchi imodzi pa ndodo iliyonse, ndi zogwirira zatsopano zonse zolipira ndekha.

Chachiwiri ndi kufewa kwa shafiti. Shafiti yomweyo ikatalika imapindika mosavuta kusiyana ndi kale. Pa theka la inchi simungamve kusiyana kwenikweni. Pa inchi imodzi kapena kuposa, shafiti ya regular, yofewa mwapakatikati, imene inali pamalire kale kwa munthu womenya mwamphamvu imayamba kukhala ngati chikwapu, mipira n'kumakwera kwambiri ndi kumwazikana. Ngati ndodo munagulazo ndi za regular ndipo inu mumamenya mwaukali, iyi ingakhale nthawi yoganiza zosintha ma shafiti m'malo mongowalumikiza.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi chimene chikutumiza mipira yanu kumanja. Ikani iron pansi, mmunsi mwa mutu wake mutagona bwino panthaka. Shafiti imaima mopendekeka, ndipo kupendekeka kumeneku pakati pa shafiti ndi nthaka kumatchedwa lie. Pa 7-iron wamba kumakhala madigiri 62 kapena 63. Munthu wamtali, manja ake ali mmwamba, amaimiritsa shafiti kuposa mmene inapangidwira. Akatero chidendene cha mutu, mbali ya kushafiti ija, chimanyamuka, ndipo nsonga ya mutu ndi imene imayamba kugunda pansi. Popeza nkhope ya iron ndi yogonekera chagada, mukaipendeketsa chotero siyang'ananso kumene mwaloza: imayang'ana kumanja. Mungathe kumenya mpira mwaukhondo, ndodo itabwera mowongoka, koma mpirawo n'kupita kumanja basi, inu n'kumadziimba mlandu pa chinthu chimene si cholakwa chanu. N'chimodzimodzi ndi zimene zimachitika mukaima pamtsetse mpira uli mmunsi mwa mapazi anu: umathawira kumanja. Ukakhala pamwamba pa mapazi umapita kumanzere. Ndipo nkhope ikakhala yogonekera kwambiri, vutoli limakulanso. N'chifukwa chake mwaliona pa ma iron aafupi osati pa 4-iron kapena driver. Munalongosola bwino kwambiri mwina osadziwa kuti mukulongosola lie.

Kutalikitsa ndodo kumakhudza lie motere: manja akakhala pa msinkhu womwewo, ndodo yaitali imafika patali ndi mapazi, shafiti n'kugona pang'ono, nsonga ya mutu n'kunyamuka. Okonza ndodo amawerengera kuti theka la inchi limafanana ndi digiri imodzi. Choncho inchi imodzi ingathe kuchotsa gawo lalikulu la vuto lanu la kumanja payokha. Mainchesi awiri ndi madigiri anayi, ndipo apo ndi pamene mkulu uja anayamba kukumba ndi chidendene n'kumatumiza mipira kumanzere. Komabe ngati utali mwawonjezerawo muugwiritsa ntchito poima mowongoka, manja n'kukwera, kusinthako kumachepa. Palibe amene angakuwerengereni zimenezi papepala. N'chifukwa chake lie imayezedwa pomalizira, utali utakhazikika, ndipo imayezedwa mukumenya mpira.

Mungadziyeze nokha ndi cholembera cha maka chofufutika. Jambulani mzere wonenepa pa mpira, muuike pansi mzerewo utaima chilili kuyang'ana nkhope ya ndodo, ndipo mumenye monga mwa masiku onse. Inki itsalira pankhope. Gwirani ndodo, timizere ta pankhope tili chopingasa mofanana ndi nthaka, muone mzere wa inkiwo. Ukaima chilili, lie ili bwino. Pamwamba pake pakapendekera kuchidendene, ndodo ndi yogona kwambiri kwa inu ndipo iyenera kuimiritsidwa. Pakapendekera kunsonga, yaima mopitirira. Menyani mipira isanu kapena isanu ndi umodzi pa ndodo iliyonse, musagamule ndi umodzi. Ena amamata tepi mmunsi mwa mutu n'kumenyera pa bolodi lolimba kuti aone pamene pakwechesuka. Njirayi imagwiranso ntchito, koma ine ndimakhulupirira mzere wa inki chifukwa umaonetsa mmene nkhope inalili pa nthawi yeniyeni yogunda mpira, ndiponso anthu ambiri akamamenyera pa bolodi amachita mantha n'kusintha kamenyedwe. Chenjezo limodzi: musaweruze lie poyang'ana ndodo ili chikhalire kumbuyo kwa mpira. Ndodo ikamatsika mwaliwiro shafiti imapindikira pansi, nsonga n'kutsika, manja nawonso amakwera pang'ono. Choncho poima, nsonga iyenera kukhala yonyamuka pang'ono, moti kandalama kachitsulo n'kulowa mmunsi mwake.

Kukonza lie ndi kupinda khosi la mutu pa makina, ntchito ya mphindi zochepa pa ndodo iliyonse. Mitu yosula ya chitsulo chofewa, imene amalemba kuti forged, imapindika mosavuta. Mitu youmba m'chikombole ndi youma, ndipo ambiri okonza safuna kupitirira madigiri awiri poopa kuthyola khosi. Ngati ndodo zanu ndi za Ping, yang'anani kadontho ka mtundu pamutu pake. Karsten Solheim, amene anayambitsa kampaniyi, ndiye anabweretsa njira yosonyeza lie ndi mitundu: kakuda ndi ka lie wamba, ndipo ka maroon ndi ka yoimirira kwambiri. Kadonthoko kakuuzani lie imene mwini wake woyamba anazigula nayo. Ndodo zogula kwa munthu zimabisa zambiri. Mwina mukuti n'zautali wamba koma iye anali wamfupi n'kuzigoneketsa madigiri awiri, vuto lanu n'kuwirikiza.

Pa kawonjezeredwe, pali njira ziwiri. Yotsika mtengo ndi kuchotsa chogwirira, kulowetsa kachidutswa kowonjezera kumchira kwa shafiti ndi guluu wa epoxy, kudula pa utali wofunika, n'kuika chogwirira china. Mpaka inchi imodzi kapena inchi ndi theka njirayi ndi yolimba ndithu ikachitidwa bwino, chachitsulo pa shafiti yachitsulo, cha graphite kapena pulasitiki yolimba pa shafiti ya graphite. Kupitirira apo sindiikhulupirira, chifukwa polumikizirapo pamafika pansi pa dzanja lanu lenilenilo, pamene mphamvu yonse imadutsa. Njira yachiwiri ndi kusintha shafiti yonse, ndipo ukawerengera ndodo 8 kapena 9 nthawi zina zimafika pafupi ndi mtengo wa seti ina. Musayambe ndi seti yonse. Tengani 7-iron ndi pitching wedge zokha, muziwonjezere, musewere nazo milungu itatu kapena inayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyesapo, thirani ufa wopopera wa kumapazi pankhope ya ndodo kapena matani tepi yopyapyala kuti muone pamene mpira ukugunda. Zipsera zikaunjikana pakati, utaliwo ndi wanu. Zikamwazikana kapena zikasunthira kuchidendene, mwawonjezera kwambiri. Gwirirani theka la inchi mmunsi muone ngati zikubwerera pakati.

Ndipo ndodo zikatalika, kaimidwe kanu kayenera kusintha nako. Zaka ziwiri mwaphunzitsa thupi kunjuta. Ndaona anthu atalandira ndodo zoyenera n'kupitiriza kunjuta momwemo, ndodo n'kumakumba dothi. Pindani m'chiuno msana uli wowongoka, mawondo ongomasuka pang'ono, mikono ilendewere yokha pansi pa mapewa. Phunziro limodzi kapena awiri kwa mphunzitsi, sabata yomwe mwalandira ndodozo, ndi ndalama yogwiritsidwa bwino. George Archer, wamtali pafupifupi mamita 1.97, anapambana Masters mu 1969, ndipo Ernie Els ndi Dustin Johnson ndi amuna aatali amene kamenyedwe kawo anthu amakasirira, choncho msinkhu si chilema pa masewerawa. Msana ukapitiriza kuwawa ndodo ndi kaimidwe zitakonzedwa, makamaka ululu ukamatsikira kumwendo, kaonaneni ndi dokotala, imeneyo si nkhani ya ndodo.

Tibwere ku chogwirira, chimene osewera amangoti grip. Magolovesi a XL akundiuza kuti dzanja lanu ndi lalikulu, koma sakundiuza ngati ndi lalikulu chifukwa cha chikhatho chotambalala kapena zala zazitali, ndipo zala ndi zimene zimazungulira ndodo. Yezani kuchokera pa mzere uja wa polumikizira dzanja mpaka kunsonga ya chala chapakati, pa dzanja lamanzere popeza ndilo limakhala pamwamba. Pa tchati chimene ambiri amatsata, mainchesi 7 mpaka 8 ndi 3/4 ndi dzanja la standard, 8 ndi 1/4 mpaka 9 ndi 1/4 ndi la midsize, ndipo jumbo imayambira pamwamba pa 9 ndi 1/4, amene ndi masentimita 23 ndi theka. Mwaona kuti magulu awiri oyambawo amalowana. Pamenepo chimagamula ndi mmene mukumvera m'manja. Amuna ambiri ovala XL amagwera mu midsize. Dzanja la jumbo lenileni ndi losowa.

Muyeso wina ndi wa m'manja momwemo. Gwirani ndodo ndi dzanja lamanzere lokha monga mumagwirira posewera. Chala chapakati ndi chala cha mphete ziyenera kungokhudza pang'ono mnofu wa patsinde pa chala chachikulu. Zikamabaya m'chikhatho, chogwirira chachepa. Pakatsala mpata woonekera, chakula. Chogwirira chochepa chimakukakamizani kufinya kuti ndodo isatembenuke, ndipo kufinyako kumaumitsa mikono mpaka m'mapewa. Onaninso golovesi yanu yakale: ikamang'ambika msanga pachikhatho, kawirikawiri ndodo ikusuntha m'manja mwanu.

Kusiyana kwa masaizi amenewa n'kochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Midsize imaposa standard ndi 1/16 ya inchi m'mimba mwake, pafupifupi mamilimita 1.6, ndipo jumbo ndi 1/8, mamilimita 3.2. Koma dzanja limamva ngakhale zocheperapo, ndiye pali njira yapakati: kukulunga tepi yowonjezera pa shafiti chogwirira chisanalowe. Mkulungo uliwonse umawonjezera pafupifupi 1/64 ya inchi, choncho mikulungo inayi imafikitsa standard pafupi ndi midsize. Ubwino wa tepi ndi woti mumakwera pang'onopang'ono, ndiponso mungathe kuika yambiri pansi pa dzanja limodzi lokha. Chogwirira wamba chimaonda chikamatsika, kotero dzanja lamanja, limene lili mmunsi, limagwira pocheperapo. Anthu a manja aakulu ambiri vuto lawo lili pamenepo, ndipo mikulungo iwiri kapena inayi yowonjezera kumunsi kokha imawakwanira. Golf Pride imapanga zogwirira zotchedwa Plus4 zimene zimabwera zitanenepa kale kumunsi ngati zakulungidwa kanayi. Bubba Watson, amene anapambana Masters mu 2012 ndi 2014, amadziwika ndi kukulunga tepi yochuluka zedi pansi pa zogwirira zake. Kwa inu sindingapitirire mikulungo inayi kapena isanu. Mphira umatanuka n'kuuma, ndipo pamenepo kuli bwino kungogula saizi yotsatira.

Mudzamva anthu akunena kuti chogwirira chonenepa chimatumiza mpira kumanja chifukwa chimachedwetsa manja kutembenuza nkhope, ndipo chochepa chimautumiza kumanzere. Mwa anthu ena zimaterodi, mwa ena ayi. Sindimazitenga ngati lamulo. Koma kwa munthu amene mipira yake ikuthawira kale kumanja, kulumpha kuchoka pa standard kufika pa jumbo tsiku limodzi ndi kuika moto pa udzu wouma. Jumbo ili ndi eni ake: anthu a nyamakazi ya m'zala amene kufumbata kumawapweteka, ndi osewera ngati DeChambeau amene amagwirira ndodo m'chikhatho mwadala kuti manja asagwire ntchito yambiri. Inu simunanene zoti zala zimakupwetekani.

Kulemera kwa chogwirira nakonso kumalowa m'masamu aja. Cha standard chimalemera magalamu pafupifupi 50, ndipo midsize ndi jumbo zambiri zimaposa apo. Magalamu anayi kapena asanu owonjezera kumchira amatsitsa swingweight ndi pointi imodzi pa sikelo. Ena amagwiritsa ntchito zimenezi pofuna kubweza mapointi amene kutalikitsa kwawonjezera, ndipo pa sikelo zimaonekadi ngati zatheka. Dziwani kuti mutu sunapepuke ayi, ndodo yonse yangolemera. Zimathandiza pang'ono pa kamvedwe, koma sizingasandutse E4 kukhala ndodo yabwino.

Putter musaiiwale, chifukwa pa green, udzu wosalala wozungulira dzenje, ndi pamene mumawerama kwambiri ndiponso nthawi yaitali. Zambiri zimagulitsidwa pa mainchesi 33 mpaka 35. Munthu ngati inu yesani 36, mwinanso 37, mpaka maso akhale pamwamba pa mpira kapena mkati pang'ono msana usakudandaula. Malire a 48 aja sakhudza putter. Chimene chinaletsedwa kuyambira 2016 ndi kutsamiritsa mchira wake pamimba kapena pachifuwa pomenya.

Popeza kuwonjezera utali kumafuna kuchotsa zogwirira, ntchito ziwirizi zichitike ulendo umodzi. Pa ndodo ziwiri zoyeserazo, ngati muyeso wanu watuluka 38 kapena 39, pemphani 3/4 ya inchi pa 7-iron ndi inchi imodzi pa pitching wedge. Pa imodzi aike midsize, pa inayo standard ya mikulungo itatu yowonjezera, kuti manja anu asankhe okha. Lie asaipinde tsiku limenelo. Mubwerere nazo patatha milungu ingapo, muli ndi mipira yojambula mizere ndi golovesi imene mwasewera nayo.